Katumbu ndi Mkanda wa Mfumukazi Namgumi

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ndipo amene wayamba kuodzera mnzake amutsine, chifukwa iyi sindibwereza.

Panali Katumbu, mlenje wa nsomba, amene ankakhala pamene mtsinje umathirira m'nyanja yamchere. Kanali kanyama kochenjera koopsa. Akakuyamikira kuti wagwira nsomba yonona, unkangodziwiratu kuti mutu wa nsombayo wapita kale. Koma kuchenjera kwake konseko kunkathera pakhomo pa mkazi wake, Nangondo. Uyu yekha ndiye ankamugwira bodza lisanatuluke m'kamwa, n'kumuseka, n'kumamutchula kuti wabodza wanga. Katumbu ankamukonda mkaziyo kuposa mmene ankakondera mimba yake, ndipo kwa Katumbu amenewo ndi mawu aakulu.

Tsiku lina awiriwa akusaka, Nangondo anakodwa mu ukonde wakale umene asodzi anautaya miyala yake ili pomwepo. Ukondewo unayamba kumukokera pansi. Katumbu anamira kumutsatira, anafika pokhudza nsonga ya mchira wake, koma mpweya unamuthera, thupi linamukana, n'kubwerera pamwamba yekha. Anamiranso, anamiranso, mpaka anzake anachita kumukoka kupita naye kumtunda.

Patapita masiku atatu kunatulukira Mfumukazi Namgumi, mwini wake wa nyanja yakuya. Musamuyese nsomba ameneyu. Amayamwitsa ana ndipo amapuma mpweya ngati inu ndi ine, koma amamira mpaka kumene dzuwa silinapondeko.

"Mwini maliro ndani pano?" anafunsa Namgumi.

Katumbu anagwada n'kuomba m'manja. "Ndine, mfumu."

"Mkazi wako tamupeza. Adzukulu anga okumba manda amumasula mu ukonde, ndipo tamuika mwaulemu pamanda athu."

"Zikomo kwambiri, mfumu. Nanga njira yopitira kumeneko ndi iti?"

"Njira ndi madzi omwewa. Palibe wakutsekera."

"Ndikunena kamiridwe kake, mfumu. Inu mumatani kuti mukafike?"

"Zimenezo ndi za kumwambo kwathu. Sitiuza wosavinidwa." Namgumi atatero anamira n'kumapita.

Kumudzi kunachitika maliro opanda mtembo. Akazi analira mpaka mawu kusasa, koma Katumbu anangokhala duu, maso ali gwa. Apongozi ake, amake Nangondo, anayankhula atafulatira, monga mmene ulemu umafunira.

"Auzeni akamwiniwo kuti pano sitimeta maliro. Lumo silikhudza mutu wa munthu mpaka mmodzi wa ife akaponye dothi pamanda a mwana wanga."

"Auzeni amayiwo kuti ndipita ndine," anatero Katumbu. "Ndipo asadabwe kuti sindikulira. Kulira kwanga ndakusunga. Sindikutayira pano pamene mwiniwake palibe. Ndikamulirira kumutu kwa manda ake, amve yekha."

Kusunga kulira si kusunga chimanga. Kunamukhala Katumbu pachifuwa usana wonse, akudya kulipo, akuyenda kulipo. Ankati akagwira nsomba n'kutembenuka kuti amuonetse Nangondo, n'kupeza palibe womuonetsa. Anamusowa mkazi wake mpaka nsomba zinasiya kukoma.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Katumbu anapita kwa Mvuu, nduna yoyang'anira dooko, amene ankadzitama paliponse kuti ndi msuweni wa Namgumi.

"A nduna, ndithandizeni. Pansi pa nyanja amapitako bwanji?"

Mvuu anayasamula kaye kuti mano onse aoneke. "Mphwanga, wafika pakhomo poyenera. Kodi unaonapo munthu akunyamuka ulendo wautali chimanjamanja? Ulendo ndi kamba. Ndiye kamba wa pansi pa madzi ndi mpweya. Dzaza chifuwacho mpaka nthiti zilire, ukatero uzipita."

Zinamveka zanzeru, poti kwathu kuno ngakhale wopita kutsidya kwa mtsinje amamangirirako kachinangwa pansalu.

M'mawa mwake Katumbu anakwera pamwala n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo yaifupi. Ankatchula dzina la Nangondo kawiri, n'kumupempha kuti asatseke chitseko chifukwa mwini nyumba ali m'njira. Akazi a pamudzi, tsitsi lili nyankhalala, ankavomera ndi liwu limodzi lomufulumizitsa. Atatha kuimba anakoka mpweya, anakokanso, mpaka anatupa ngati chule, n'kudziponya m'madzi.

Sanapite patali. Ankati akapalasa kupita pansi, madzi n'kumubwezera pamwamba. Anapalasa mpaka manja kulema, kenako anangotumphuka, miyendo m'mwamba, anthu onse akuona.

"Kamba analipo," anatero Mvuu, "koma iweyo ndiwe wopepuka. Mawa udzimangirire mwala m'chiuno."

Mawa lake Katumbu anaimbanso nyimbo ija, akazi anavomera, iye anadzaza chifuwa, n'kudumpha ndi mwala wake. Ulendo uno anatsikadi. Koma atafika kumene kuwala kumayamba kuchepa, madzi anamugwira pachifuwa ngati nsato. Iye anaumitsa nthiti kuti alimbane nawo, madziwo n'kuwonjeza. M'makutu munalira, m'maso munachita mdima, ndipo anamva kuti nthiti zatsala pang'ono kuthyoka. Anadula chingwe ndi mano n'kuthawira pamwamba mwaliwiro. Anatulukira magazi akutuluka m'mphuno. Chakumadzulo mawondo ndi zigongono zinayamba kumubaya, ndipo anagona mlungu wathunthu osatha kupinda mwendo.

Mvuu anabwera kudzazonda matenda. "Ndaliona vuto, mphwanga. Kachifuwa kakoko n'kakang'ono, kamba anachepa. Unyamule wina m'ziwiya. Tenga chipanda utseke pakamwa, utengenso thumba la chikopa cha mbuzi uliuzire mpaka litupe."

Katumbu anamuyang'ana Mvuu. Mawondo anali atamuphunzitsa kanthu.

"Chabwino, a nduna. Koma ulendo uno kambayo atsogole yekha, mwiniwake ndibwera pambuyo."

Anapota chingwe chachitali, anamangirira chipanda, thumba ndi mwala, n'kuzitsitsira pansi. Nyimbo anaimbabe, poti mtima sunkamulola kuyandikira madziwo osamutchula Nangondo, koma tsikulo akazi anavomera mwaulesi. Atakoka chingwe chija anapeza chipanda chatsala khosi lokha, china chonse chaphwanyika. Koma thumba linabwerako lamphumphu, lotupa monga linapitira.

Katumbu analitsitsanso, ndipo ulendo uno anamira nalo limodzi mpaka pamene akanatha. Anaona thumba lija likuchita makwinya, likufota, likuchepa. Pokwera linayamba kufufumanso lokha mpaka kubwerera mwakale.

Anatuluka n'kukhala pansi. Cholimba chasweka, chofewa chabwerako. Koma thumba silifa, poti lilibe moyo. Kodi chifuwa cha wamoyo chingatero?

"A nduna," anafunsa, "inuyo pansi penipenipo munafikapo kangati?"

Mvuu anayang'ana kumbali. "Aaa, ntchito za pa dooko n'zambiri, mphwanga."

"Kangati, a nduna?"

"Kunena zoona, ine kumene mapazi anga sagunda matope sindipitako."

Katumbu sanamutukwane, ngakhale mawondo ankamuuza kuti atero. Anangodziwa kuti yankho lili m'chifuwa cha Namgumi, ndipo Namgumi sauza wosavinidwa. Ndiye anatolera tizigoba tambirimbiri, anasenda luzi, n'kukakhala pamwala pafupi ndi pamene mfumukaziyo inkatulukira kudzapuma. Anayamba kutunga mkanda wautali, osadzutsa mutu ngakhale pang'ono.

Kwa Namgumi akatumbu onse ndi amodzi, ndiye uyu tsitsi linali litamumera mpaka kuphimba maso. Sanamuzindikire. Tsiku loyamba anangomuyang'ana. Tsiku lachiwiri anamuzungulira. Tsiku lachitatu anafunsa.

"Iwe, chimene ukutungacho n'chiyani?"

"Pepani mfumu, sindinakuoneni. Ndi mkanda wa pachifuwa. Andituma ndi Mfumukazi Njovu."

"Wa chiyani?"

"Akuti masiku ano mfumu yeniyeni imadziwika ndi mkanda. Akuti... ayi, zinazo si zonena kapolo ngati ine."

"Nena."

"Akuti anzathu a m'madzi aja, kukula konse kuja, amangoyenda osavala kanthu ngati mwana wobadwa lero."

Namgumi anamenya madzi ndi mchira mpaka Katumbu ananyowa. "Njovu? Kanjovu kamene ndingakabise kukhwapa? Siya zimenezo. Ndipime ine."

Katumbu anamupima ndi luzi, ndipo kuzungulira chifuwa chokhacho kunamutengera m'mawa wonse. Patatha masiku anayi mkanda unatha. Anamuveka, anamanga mfundo zitatu, ndipo Namgumi anamira akunyadira. Sipanapite nthawi, anatulukira alibe kanthu.

"Mmisiri wanji iwe? Mkanda wako wavuka, watayika!"

Katumbu anagwira pakamwa. "Wavuka? Mfumu, ndinapima ndekha ndi manja awa. Kapena munadwala m'njira n'kuonda?"

"Kuonda kwa chiyani? Pansi chifuwa chimachepa, chitsiru iwe!"

"Chimachepa? Pepani mfumu, ife a kumtunda ndife mbuli. Chimachepa motani, kuti ndidziwe muyeso?"

"Nthiti zanga zimapindika. Mapapu amafota mpaka kukhala ngati thumba lopanda kanthu. Madzi akamandifinya ine sindilimbana nawo, ndimangowalola. Wamva tsopano? Konza wina."

"Ndamva, mfumu," anatero Katumbu, ndipo anali atamvadi.

Mkanda wachiwiri anaupanga ndi mfundo yotsetsereka kuti uzichepa pamodzi ndi chifuwa. Koma anawonjezera kachingwe ka m'khosi, nako ka mfundo yotsetsereka, akuti kothandiza kuti mkanda usagwe. Namgumi anamira. Anabwerako akutsokomola.

"Ukufuna kundipha? Kachingwe kako kamandikanyanga pakhosi!"

"Kalanga ine! Ndimayesa khosi nalo limachepa."

"Khosi silichepa. Kholingo langa ndi lolimba ngati nsungwi. Mapapu akafota, kampweya kotsala kamathawira m'menemo, n'kukhala phee osalowa m'magazi."

"Kotsala, mfumu? Ine ndimayesa inu akuluakulu mumanyamula mpweya wodzaza nkhokwe."

Namgumi anaseka mpaka mafunde anagwedeza mwala. "Ndani anakuuza zopusazo?"

"Msuweni wanu, a Mvuu."

"Uja wa m'matope? Tamvera. Ndisanamire ndimautulutsa, n'kutengako pang'ono chabe. Wodzaza chifuwa amavutika kutsika, ndipo akakakamira, madzi amamukankhira mpweyawo m'magazi. Ndiye akakwera mothamanga umakamubaya m'mawondo ndi m'zigongono mpaka kulephera kuyenda."

Katumbu anasisita bondo lake mwakachetechete. "Zomvetsa chisoni, mfumu. Alipo anthu opusa chonchi?"

"Adzaza dziko. Chotsa kachingweko."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Katumbu anali ndi ziwiri, koma chachitatu chinkamusowabe. Ngati chifuwa chili chopanda kanthu, wamoyo amakhalira chiyani pansipo? Ndiye pa mkanda wachitatu anamangirira timaseche pamalo pamene mtima umagunda.

"Izi n'zachiyaninso?" anafunsa Namgumi.

"Mtima ukagunda, maseche azilira. Anthu anu azidziwa muli patali kuti mfumu ikubwera. A Njovu zimenezi alibe."

Mawu omalizawo ndiwo anagwira ntchito. Namgumi anamira, maseche akulira bwinobwino. Anakhalitsa ndithu, kenako anatulukira nkhope ili yakugwa.

"Pamwamba pano akulira. Pansi angoti zii. Ndachita manyazi pamaso pa nduna zanga."

Katumbu anadumpha ngati waponda moto. "Mfumu, ndiye kuti mtima wanu ukuima! Ndithamange ndikaitane sing'anga?"

"Khala pansi. Mtima wanga ndimaugoneka ndekha. Umagunda kamodzi, n'kudikira, n'kudikira, n'kudzagundanso. Wothamanga mtima pansipo safika."

"Koma mfumu, ine mutu wanga wazungulira. Chifuwa chopanda kanthu, mtima uli m'tulo, kamba mulibe. Ndiye moyo mumautenga kuti?"

"Ndani wati kamba ndilibe? Kamba wanga sakhala m'chifuwa. Ndimayamba ndapuma kambirimbiri pamwamba pano, mofatsa, mpaka magazi ndi mnofu zitakhuta. Zimenezo madzi sangazifinye. Ndikatero ndimatulutsa wa m'mapapu, n'ku..."

Namgumi anaima pomwepo. Anatembenuza diso lake lalikulu n'kumuyang'anitsitsa mmisiri uja, kuyambira kumapazi mpaka ku tsitsi losameta.

"Iwe ndiwe mwamuna wa mkazi uja wa mu ukonde."

"Ndine, mfumu."

"Njovu sanakutume mkanda."

"Sanandionepo n'komwe, mfumu."

"Ndiye wandivula mwambo wa makolo anga ndi tizigoba ndi luzi." Mchira wa Namgumi unadzuka pamwamba pa mwala uja mpaka Katumbu anakhala mumthunzi.

Katumbu sanathawe. Anagwada. "Mukandipha, mfumu, ndikupempha chimodzi. Adzukulu anu akandiike pafupi naye."

Mchira uja unakhala m'mwamba kanthawi, kenako unatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'madzi.

"Ukufuna ukatani kumandako?"

"Ndikaponye dothi kuti kwathu amete. Koma chachikulu, ndikamulire. Sindinamulire, mfumu. Ndasunga zonse kuti akamve yekha."

"Pita," anatero Namgumi. "Koma pa mafunso ako onse, lilipo limodzi limene sunandifunse."

"Liti, mfumu?"

"Wochenjera sauzidwa zonse. Ukaliona konko."

Kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwina. Katumbu anatha masiku ambiri akuphunzira kutulutsa mpweya pamene thupi lonse likukuwa kuti ukoke. Nthiti zake zinali zozolowera ndewu, ndiye kuziphunzitsa kugonja kunali kovuta kuposa kuphunzitsa mbuzi kusiya chimanga. Tsiku lililonse ankatsikirako pang'ono kuposa dzulo lake, n'kukwera mosathamanga. Mvuu ankamuonerera ali m'matope, akupukusa mutu.

"Mphwanga, ukupita kumanda a mkazi wako chimanjamanja? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati ndinafika, a nduna."

Tsiku lake litakwana mudzi wonse unasonkhana. Katumbu anaimba nyimbo ija, kutchula Nangondo kawiri, kumupempha kuti asatseke chitseko. Ulendo uno ngakhale apongozi ake anavomera nawo, atafulatira chomwecho. Kenako anakhala pansi n'kupuma mofatsa, kupuma, kupuma, mpaka anamva thupi lonse lakhuta. Anautulutsa mpweya uja, n'kulowa m'madzi opanda mwala, opanda chingwe.

Atafika paja pamene madzi anamugwira kale, anamugwiranso. Mantha anamuuza kuti aumitse nthiti. Iye anazilekerera. Zinapindika, mapapu anafota, kampweya kotsala kanakwera kukakhala kukhosi, ndipo kupweteka kuja sikunabwere. Anapeza kuti sakufunikanso kupalasa, akungotsika yekha. Mtima unayamba kugunda mwa apo ndi apo. Kunada bii. Mumdimamo anamva chinthu chachikulu chikuyenda pambali pake, n'kumamukankha pang'ono kuti akhotere kumanzere. Sanafunse kuti ndani.

Mapazi ake anagunda mchenga. Tinsomba tokhala ndi nyale pamutu tinamuunikira mizere ya manda, ndipo chinthu chachikulu chija chinamuimika pa mtumbira wina waung'ono, watsopano, kumapeto kwa mzere.

Katumbu anagwada kumutu kwa manda a Nangondo. Wafika. Miyezi yonse ija, maulendo onse aja, bodza lonse lija, wafika. Anatsekula pakamwa kuti atulutse kulira kumene anasunga.

Sipanatuluke kanthu.

Anayesanso. Anafinya pamimba, anakweza mutu monga amachitira anamfedwa, koma chifuwa chimene chinamufikitsa kumeneko chinali chopanda kanthu, ndipo kulira kumafuna mpweya. Anayesa dzina lokha, Nangondo basi, kamodzi kokha. Kukhosi kunachoka kathovu kamodzi kakang'ono, kopanda mawu, ndipo anakaona kakukwera kumwamba, kutalikirana ndi manda. Misozi inkatuluka, koma m'madzi amchere ndani angaione?

Chisoni chimene anamva pamenepo chinaposa cha tsiku la ukonde. Anatapa mchenga ndi manja awiri n'kuuthira pamtumbira. Kenako anagona pansi n'kutsamiritsa tsaya pamandapo, monga ankatsamira pamsana pa mkazi wake akatopa ndi kusaka. Mtima unagunda kamodzi. Unagundanso. Akanakonda kukhala pomwepo osadzukanso, koma chinthu chachikulu chija chinalowetsa mphuno pansi pake n'kumunyamula.

Anakwera pang'onopang'ono. Nthiti zinayamba kutambasuka, mapapu kufufuma, mtima kudzuka. Atangotulutsa mutu pamwamba, mpweya unalowa wokha ndi mphamvu, ndipo potuluka unatuluka ndi kulira konse kuja. Katumbu analira mokweza, mosadziletsa, kutchula dzina la mkazi wake mpaka kumtunda anamva, nawonso n'kuyamba kulira. Analira pakati pa madzi, pamwamba, kutali ndi mwini kulirako.

Namgumi anamuika pamsana n'kumusiya kuti alire mpaka atope.

"Ndilo funso lija," anatero Katumbu mawu atasasa.

"Ndilo lomwelo. Wofika pansi amafika wopanda mawu. Wokhala ndi mawu safika."

"Kodi wandimva, mfumu? Kuchokera kuno angamve?"

"Sindidziwa," anatero Namgumi. "Ana anga atatu agona mzere womwewo. Ndimapitako tsiku ndi tsiku. Ndimakangokhala chete pambali pawo, n'kubwera kudzawalira kuno."

Katumbu anapukuta kumaso. "Ndiye mumapitiranji, ngati simungawauze kanthu?"

"Iwe dothi waponya, kwanu ameta. Mawa sudzapitanso?"

Katumbu anayang'ana madzi aja.

"Mudzandidikire, mfumu," anatero. "Tidzatsikire limodzi."

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule.